Bokosi la Achemwali

Lamulungu, mwezi wa Okutobala, kwa Ndamera. Kwatentha koopsa, ndipo pakamwa pangapa pandipachikanso.

Achemwali anga a Dorika abwera kudzationa. Akuti kunja kafukufuku wawo wa kachilombo ka Edzi wathandiza kupanga mankhwala atsopano, ndipo akamayankhula madokotala amalemba. Kutchalitchi abusa anandiimiritsa kuti ndifotokoze za mlendo, poti ndine mlongo wawo. Dzina la ntchito yawo limandikanika, ndiye ndinangoti, "Awa amaweta tizilombo ta Edzi m'malo ozizira kuti apeze chophera tizilomboto."

Ndinaiwala kuti abwera ndi bokosi loziziritsira, lodzaza zakumwa zoti alandirire anthu.

Masana anthu anadzaza pakhomo, koma bokosilo ankalilambalala ngati ng'ona. Achemwali atalitsegula, azimayi anakokera ana kumbuyo. "Takhuta, tamwa kale," ankatero, milomo ili gwa. Achemwali anaima ndi botolo m'manja, wolilandira palibe. Atamva chifukwa chake sanakalipe. Anangondiyang'ana, ndipo bola akanandimenya.

Kenako amalume a Fombe, amene sanatchulepo matenda awo pagulu, anadzuka ndi ndodo yawo. "Tizilomboto ine ndili nato kale, ndipo mankhwala a anthu ngati mwanayu ndi amene amatigoneka tulo. Tandipatsa lozizira kwambirilo, mwanawe." Anamwa lonse, n'kugeya.

Bokosi linatha nthawi yomweyo, mpaka abusa anatenga mabotolo awiri. Ine sindinalaweko ngakhale dontho. Achemwali akuti woweta tizilombo sangapatse mlongo wake chakumwa, angamudwalitse. Mawa akuti tikambirana, ndipo ponena sanaseke.