Funde Lopanda Munthu

Lolemba, 6 Okutobala

Nyanja ya Balbriggan lero: phee. Madzi a m'beseni. Galu wina amasambiramo, timafunde tonse timene ndaona ndi take. Khofi pa doko, kenako basi ya ku eyapoti.

Zaka sikisi m'dziko lino, ndipo ndikukhala mbali imene kulibe mafunde. Mafunde ali kumadzulo, maola atatu ndi theka pa vani. Ntchito ili kuno. Womba ali kuno, unesi wake uli kuno, ndipo mkazi wa munthu sasamuka chifukwa cha madzi otumphuka.

Ndilembe bwinobwino kuti ndisadzadzinamize. Mpikisano wokwera mafunde akulu pa bolodi wa ku Sligo amaitana anthu 24. Malo 23 ali ndi eni ake kale. Amodzi otsalawo amapereka kwa wopambana mpikisano wa ku Donegal mwezi uno. Ndayesa zaka zinayi. Pangano ndi Womba: mwana akubwera mu Malichi. Ndikapanda kupeza malo chaka chino, basi, zothamangitsa mafunde zatha, bolodi yayikulu tiikhomera kukhoma ikhale shelefu. Wayeza kale ndi tepi. Akuti pakwana mapoto asanu.

Lachinayi, 9 Okutobala

Shifiti ya m'mawa. Ndanyamula mabolodi atatu a anthu ena opita ku Portugal. Bennet, mnzanga wa pa lamba wa masutikesi, amvekere, "Ukuwasisita ngati ng'ombe za lobola." Sindinakane.

Masana ku dziwe losambirira. Kusunga mpweya: maminitsi atatu ndi masekondi 40. Mapapo si vuto. Mapewa si vuto. Mantha ndili nawo okwanira, osapitirira.

Vuto ndikulidziwa. Mipikisano itatu chaka chino, yonse ndatuluka pakhomo limodzi. Lamulo la m'madzi ndi losavuta: amene wadikira nthawi yayitali, funde lotsatira ndi lake. Majaji amakweza chikwangwani cha mtundu wa jezi yake pagombe, aliyense aone. Mtundu wanga ukwera. Funde libwera. Ndiyang'ana kumbali, pali munthu wa imvi. Manja amaima okha. Ku Lahinch ndinachita kumugwedezera mutu bambo wina kuti pitani. Anapita, anapambana, anadzandifunsa ngati ndadwala.

Malume ku Ntcheu analera, asaname munthu. Mwana sasamba m'manja wamkulu asanasambe. Sadutsa kutsogolo. Satenga, amalandira. Ku Cape Town, kumene ndinaphunzirira kukwera mafunde ndikutsuka mawetisuti, zovala za m'madzi za alendo, zinalibe kanthu. Ndinali wamng'ono pa onse, ndinkakwera mafunde otsala n'kukhuta. Pano ndili ndi zaka 31, ndikudyabe mkute.

Loweruka, 11 Okutobala

Mndandanda wa ku Donegal watuluka. A Gerard alimo.

Zaka 58. Opaka pulasitala. Chiuno chakumanzere chinatha, opaleshoni mu Januwale. Chaka chawo chomaliza nawonso. Ndi amene ananditola pagombe ku Sligo mu 2019, nditavala wetisuti ya ku Cape Town yopyapyala ngati sokosi, milomo itachita buluu. Anandilowetsa m'galimoto mwawo. Hita, supu ya m'fulasiki, osafunsa mafunso. Bolodi imene Womba wayezayo inali yawo.

Akhala akundiuza zaka sikisi kuti ndizingoti Gerard. Ndimati Mister Gerard. Lilime limakana.

Ndawaimbira. Akuti, "Tikakumana m'madzi, iwe sindikukudziwa." Anaseka. Inenso ndinaseka, kenako ndinakhala pa masitepe kanthawi ndithu.

Lamlungu, 12 Okutobala

Misa. Kenako Bambo Tarsizio anabwera kudzadya nafe.

Womba wayambitsa tireningi yake. Nkhuku yolimba ya ku shopu ya a ku Nigeria. Nthutumba kuno amagulitsa m'thumba, kilo yathunthu, koma iye anaikamo imodzi, dala. Anandikokera kukhitchini: "Imwe ba Enos, lelo mutenge nthutumba pamaso pa ba Father. Manje mukalephera pa tebulo, m'madzi mukachita bwanji?"

Supuni inapita. Inazungulira nthutumba kawiri ngati ndege yosowa potera. Inabwera ndi khosi.

Bambo anadya nthutumba yawo mwamtendere. Titawafotokozera anaseka mpaka kuvula magalasi. Ndinafunsa ngati kutengera wamkulu funde ndi tchimo. Akuti anaphunzira zaka naini ku seminale, za mafunde sanazionemo, koma kwathu komweko amatinso kugona pakati n'kuyambirira.

Womba sanaseke. Ndikalephera wopindula ndi iye, koma ndi amene akundiphunzitsa. Ndimamukonda mkazi ameneyu. Kumumvetsa ndiye ayi.

Lachitatu, 15 Okutobala

Uthenga wafika 10 koloko: mpikisano Loweruka. Mafunde a mamita atatu mpaka anayi, mphepo yochokera kumtunda. Bennet watenga shifiti yanga. Akuti ndikabwera wopanda chikho ndikagwire yake ya Khirisimasi.

Ndapaka phula pa bolodi. Chingwe chatsopano cha kumwendo. Tayala lakumbuyo likuphwa pang'onopang'ono, ndalipopa, tikambirana tikabwerako.

Lamlungu, 19 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, mwina ziziziritsa.

Raundi yoyamba, anyamata okhaokha. Ndinadutsa. Yachiwiri chimodzimodzi. Semi munali munthu wa ndevu zoyera. Sindinamuyang'ane, ndinayang'ana manja anga. Ndinadutsa. Ndinati ndachira.

Fainolo. Anthu anayi, maminitsi 35. Ine jezi yofiira, a Gerard yoyera, wa ku Cork wa zaka 19 yachikasu, ndi wina amene anathyola bolodi koyambirira n'kutuluka. Madzi ozizira mpaka mano kuwawa. Kutatsala maminitsi awiri: wachikasu patsogolo, a Gerard achiwiri, ine wachitatu. Tonse awiri funde limodzi labwino likanatikwana. Chikwangwani pagombe: chofiira.

Linabwera. Lalikulu la tsiku lonse, losalala, lobiriwira. Ndinatembenuka, ndinapalasa, kanayi, kasanu, bolodi inayamba kutsetsereka yokha. Ndiye ndinawaona. Kumanja kwanga, atakhala pa bolodi yawo, dzanja limodzi pa chiuno chowawacho. Januwale. Supu ija. Ndinakhala tsonga, n'kukokera bolodi m'mbuyo. Ndinati, "Pitani."

Sakanatha. Anali atandisiyira njira monga lamulo linenera, bolodi yawo italoza kunyanja. Funde silidikira munthu atembenuke.

Linadutsa pakati pathu lopanda munthu. Tinaliyang'ana kumsana mpaka linakasweka pamiyala. Pagombe ndinamva anthu onse pamodzi: aaa. Kenako lipenga.

Malo ndi a wachikasu. Anandikumbatira, n'kundithokoza, mwana wabwino.

Poimika magalimoto a Gerard anavula wetisuti atandipatsa msana. Atamanga thaulo anati, "Zaka fote ndili m'madzi, palibe ananditchulapo nkhalamba. Iwe wanditchula lero, gombe lonse likuona." Analowa m'galimoto. Sanamenyetse chitseko, bola akanamenyetsa.

Donegal mpaka Balbriggan osatsegula wailesi. Manyazi ndikuwamva mpaka m'zikhadabo.

Lolemba, 27 Okutobala

Holide. Womba sanatchule za pangano. Ndatulutsa ndekha bolodi, ndagula mabulaketi ndi misomali. Iye akuti, "Siyani chabe, khoma ndi la ba landilodi." Ndiye ili m'kolido, tikumaidumpha.

Mauthenga awiri kwa a Gerard. Awerenga onse.

Pa foni ndachotsa zonse zonena za nyengo. Phindu palibe. Ku eyapoti kuli nsalu ija yosonyeza mphepo, ndimaiona ndikatulutsa mutu m'mimba mwa ndege. Lachisanu imawomba kuchokera kum'mawa. Ndinadziwa mmene mafunde analili ku Sligo osauzidwa ndi munthu.

Ndakhala ndikuganiza pa lamba sabata yonse. Ine ndimati ulemu. Koma sindinawafunsepo ngati akufuna. Munthu anabwera kudzalimbana nane, ine n'kumuyalira mphasa.

Lachinayi, 20 Novembala

Sikani ya mwana. Zonse zili bwino, mutu waukulu wa kwathu.

Ndapenta chipinda chaching'ono. Ndakonza mpopi. Loweruka lililonse ndili pakhomo, ndayamba kudziwa mayina a oyandikana nawo. Ku dziwe sindinapiteko. Buluku la ntchito layamba kuthina.

Womba dzulo tikudya: "Muli m'nyumba monga mpando." Ndinafunsa ngati ndi dandaulo. Akuti akungonena zimene akuona.

Lachitatu, 10 Disembala

Foni nthawi ya tiyi. A Gerard. Moni panalibe.

Wachikasu uja wathyola kakolo pa mpira. Okonza mpikisano atsika mndandanda: wachiwiri, a Gerard. Akana. Wotsatira ndi ine. Mpikisano wa ku Sligo auika Loweruka lino, mamita teni, mwina kuposa.

Ndinafunsa ngati ndi chiuno. Akuti chiuno chikanapirira tsiku limodzi. Ndinati, ndiye mukundipatsa? Akuti, "Eya. Ndikukupatsa, gombe lonse likuona. Meza, umve kukoma kwake." Anadula.

Ndameza. Kuwawa kwake ngati kwinini. Anthu 23 adzadziwa kuti wofiira uja walowa chifukwa wina wamumvera chisoni. Ndinaima pakati pa masutikesi a ku Malaga nkhope ikutentha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiye ndi zimenezi zimene ndakhala ndikugawira anthu chaka chonse.

Komabe malo ndi malo. Ndikuwafuna. Apa ndikhoza kulemba, pepala silindiyang'ana.

Kunyumba ndinamuuza Womba zonse, n'kufunsa ngati ndingapite. Anayamba wamaliza kupinda matawulo. "Pangano linali kupeza malo. Aya mwapatsidwa. Ine sindikupatsani chachiwiri, ba Enos. Mafunde aja ndinawaona pa vidiyo, ndimadziwa amene amabwera ku wodi. Ngati mufuna, nenani mwekha pakamwa panu. Zaka zinayi m'nyumba muno sindinamvepo mukuti ndifuna."

Ndinati si zoona. Anandiuza nditchule kamodzi. Ndikuganizabe.

Okonza akufuna yankho mawa isanakwane 12 koloko.

Lachinayi, 11 Disembala

M'mawa. Womba satha kuwerama tsopano, nsapato za kuntchito ndimamumanga ndine. Ndili chogwada, zingwe m'manja, ndinati, "Ndikufuna. Ndikupita." Mawu anatuluka ngati a munthu wina, wosaleredwa bwino.

Ndinkangoona nsapato.

Kenako Womba: "Inayo."

Ndinamanga inayo. Anatenga chikwama, makiyi. Pakhomo anati tayala lija ndilisinthe, osati kupopa.

Ndawaimbira okonza 9 koloko. Anafunsa dzina la munthu woti amuimbire china chikachitika. Ndinachita kuwatchulira chilembo chimodzichimodzi. W, O, M.

Kwa a Gerard ndalemba mawu awiri: "Ndatenga, Gerard." Chala chinazengereza pa dzinalo. Ayankha kuti adzakhala pa jeti-siki, kabwato ka injini kotola ogwa, ndipo ndikadzangotembenuza mutu kuyang'ana munthu, adzandisiya m'madzi.

Lachisanu, 12 Disembala

Masana. Vani yapakiridwa. Tayala latsopano. Bolodi yachoka m'kolido, yasiya mzere wa fumbi.

Womba wasinthitsa shifiti, sanandiuze. Nditamaliza kumanga katundu anandiitana kuchipinda, akuti ndivule shati. M'manja maka yakuda ya kuchipatala. Analemba pachifuwa panga zilembo zikuluzikulu: ENOS, O POS (gulu la magazi anga), nambala ya foni yake. Akuti a ambulansi amadula wetisuti kuyambira pakhosi, amayamba kuona pamenepo. Anafotokoza ngati akuuza wophunzira. Anabwerezanso pa nambala 7 kuti isaoneke ngati 1.

Anatseka maka, n'kukhala pa bedi pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno. Sanandiyang'ane.

"Mwanena kuti mufuna. Na ine nifuna. Nifuna mubwele."

Ndinati chabwino.

Ndili m'vani, panja pa nyumba, hita ikuwomba. Shati ili pampando. Akuti ndisavale inki isanaume. Katani ya kuchipinda yasuntha kawiri. Ndagwira pa 7 paja, chala chatuluka chakuda, ndidikire kaye pang'ono, kenako ndinyamuke.