Mabatire Anga Afanso, Amayi

Johannesburg,
14 Julayi 2024

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kaya mwadzuka bwanji ku Mlangeniko? Nanga bondo lija likukupatsani mpata ndi chisanu chimenechi? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Munandifunsa pafoni chimene chikundichedwetsa kuno, ine n'kungoti sukulu. Lero ndifotokoze. Kafukufuku wanga ndi wa batire la mtundu wina, la lifiyamu ndi sulufule. Ndi lopepuka, ndipo limasunga moto wambiri kuposa la mufoni yanu. Vuto lake n'lakuti silikhalitsa. Likamagwira ntchito, sulufule amasungunukira m'madzi a m'katimo, n'kukawononga lifiyamu mbali inayo, ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga.

Aphunzitsi anga, a Dokotala Naidoo, akufuna batire lotchajidwa ka 500 lisanafooke. Zaka zitatu ndikuyesa. Mu Epulo ndinaika kansalu kopyapyala pakati kuti katchinge sulufuleyo. Mabatire khumi anapirira, mpaka ndinayamba kufunsa za basi yobwerera kumudzi. Lachiwiri lapitali ndinapeza onse atafooka, asanafike ndi pa 200 pomwe. Ndinakhala pansi mu labu n'kulira, magolovesi ali m'manja.

A Naidoo anati ndiyambirenso, apo ayi ndibwerere wopanda digiri. Andipatsa mpaka Juni chaka chamawa. Ndiye kuti Disembala uno sindibwera.

Tsono achimwene Elson andiuza kuti azakhali ake a mwana wanga Chiso anabweranso kuchokera ku Kasinje. Akuti mwana wa malemu mchimwene wawo sangamakule ngati alibe abale, mayi ake ali kusewera ndi mabatire kunja, ndipo adzamutenga akatsekera sukulu.

Amayi, ndagwira mwendo wanu, musamupereke. Ndikudziwa kuti mwatopa, kachewere nayenso akudikira inu nomwe kumunda. Koma ndisungireni mwanayo chaka chimodzi chokha. Akangopita ku Kasinje sadzandibwezeranso. Ndikalephera ulendo uno ndidzabwera ndithu, kaya ndi digiri kaya chimanjamanja. Azakhaliwo muwauze choncho.

Lamulungu lija mutamupatsa foni, Chiso ananditchula kuti anti. Sindinamudzudzule. Paja ndinamusiya kumudziko asanayambe kuyankhula.

Mundiperekere moni kwa amalume, achimwene Elson ndi alamu anga a Regina. Ndaikamo chithunzi mu envulopumu. Mumuonetse Chiso, mumuuze kuti amenewo ndi amayi ake.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Tisunge