Paipi Yatsopano Yanditseka Makutu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chintheche tilipo, kungoti amama akudandaula mawondo.

Paipi ya ekizosi munatumiza ija inafika. Alamu anu anapita nacho chifobayifo chawo chokalamba chija kwa wowotcherera wa pamsika. Iye anadula paipi yobooka ija n'kuwotcherera yatsopanoyo. Utsi unasiya kulowa m'kati, ndipo galimoto ikuyenda mwakachetechete ngati mphaka.

Koma achimwene, mwandilakwira. Phokoso lija ndilo linkandiuza zonse. Alamu anu akamachokera ku Kande, ndinkamva ndili m'munda wa chinangwa kuti injini yazimira pakhomo pa NyaBanda, mayi wogulitsa usipa uja. Akafika ndinkangofunsa kuti, "Nanga usipawo uli kuti?" Iwo kukamwa yasa!

Loweruka ndinangoona galimoto ili kale pabwalo, osaimva n'komwe. Pampando wakutsogolo ndinapezapo ndolo imodzi, yosakhala yanga. "Ndi ya pasenjala," anatero alamu anuwo, maso ali kumbali.

Mulungu akusungeni kumeneko. Mukamatumizanso katundu, chonde muikemo msomali waukulu ndi hamala. Bowo lija ndilibwezeretsa ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Tiwonge