Ramu ya Welcome

Lolemba, 14 Okutobala
Anthu a pamaliro abalalika. Nyumba zii. Chikupuma m'chipinda chakumapetocho ndi kompyuta ya malemu mwamuna wanga Welcome basi. M'bokosi lake lagalasi muli timapale tiwiri ta ramu, tosungira zimene kompyuta ikugwira, tokhala ndi magetsi. Kufiira, kuzirala, kufiiranso, ngati chifuwa cha munthu wogona. Anatiitanitsa kudzera ku Tunduma, tsiku limene tinafika anatipsompsona ine ndili pompo. Nsanje ndinachita, sindinama. Timapaleto ankatithamangitsa kupyola liwiro la kufakitale, amvekere, “Gloria, hatchi iyi sinayambe n'komwe kuthamanga.” Njinga yamoto nayonso ankaithamangitsa chimodzimodzi. Yamutaya pa chitunda cha ku Misuku. Sikirini anatenga alamu a Pius tsiku loika maliro, ati TV ya malemu isaonongeke. Bokosilo analisiya, poyesa ndi chokongoletsa.

Lachitatu, 16 Okutobala
Waimba foni Jameson, mnzake wa ku Mzuzu yemwe ankapikisana naye pa za liwirozi. Ndamuuza kuti m'mawa wa ngoziyo Welcome anadzitsekera akujambula nyimbo yogonetsera mwana, ya m'Chilambya, ya mwana ndili naye m'mimbayu. Anatuluka mothamanga, ati akamaliza madzulo. Jameson anafunsa ngati kompyutayo ikadayaka. Kenako, “Mlamu, musazimitse. Chonde chomene.” Akuti Welcome ankajambulira mu ramu mwenimwenimo kuti zizifulumira, n'kumasamutsa ntchito ikatha. Ramu imasunga zinthu pokhapokha magetsi alipo. Akangoduka, zonse fwaa. Pafoni panga palibe mawu ake ngakhale amodzi. Munthu wolemba mameseji okhaokha, wothawa kamera. Ndiye kuti mawu ake onse otsala padziko ali m'timapale tiwirito. Ndalira mpaka mutu.

Lachinayi, 17 Okutobala
Ndinabwereka sikirini kuchipatala kumene ndimagwira ntchito. Chingwe chake chachikale, sichikulowa. Alamu a Pius foni yosapezeka, ali ku Chisenga. Jameson abwera ndi yake, koma mpaka apatsidwe tchuthi. Magetsi anazima masana. Ndinasiya odwala pamzere, n'kuthamanga ndi chimimba changachi, anthu kumandicheukira pamsika. Batire la sola linagwira. Firiji ndaizula, ayironi ndabisa. Kutentha kwa Okutobalaku. Fani yanga ndaipatsa kompyuta, ine thukuta kamukamu. Ngakhale atapita, mkazi mnzangayu akundilandabe zinthu.

Lamulungu, 20 Okutobala
Kutchalitchi sindinapite. Ndinavala mahedifoni a Welcome. Akununkhabe mafuta a m'mutu mwake. Phokoso lokha, siii, ngati mvula ya kutali. Pakati pake ndinamva ngati wina wakoka mpweya kuti ayambe kuimba. Mwana anagunda nthawi yomweyo. Ndinawavula. Kenako ndinawavalanso. Fiona woyandikana naye nyumba akuti ana ake akuopa kudutsa pawindo, ati muli maso ofiira. Ndaikapo chitenje. Ineyo sindikuopa. Bodza, ndikuopa. Koma kuopa kuti azima n'kokulirapo.

Lachitatu, 23 Okutobala
Afika akuchimuna kudzasesa. Mwambo wake, katundu yense wa malemu atuluke pabwalo, agawidwe, nyumba itsale yopepuka. Nsapato, majekete, chipewa cha njinga chong'alukacho. Alamu a Pius anafika popanda sikirini ija, ati ana akuonera mpira kwa eni dishi. Atalowa m'chipindamo anabwerera chafutambuyo. “Mlamu, ichi ndicho chikumusunga munthu muno. Chifumepo, chituluke.” Anawerengeranso timapaleto, kuti kamodzi n'kawo, kena ka a Enock, ang'ono awo. Ndinagwada kutsogolo kwa soketi. Ine wa ku Mulanje, mlendo kuno, chilankhulo chawo chongotolatola. Ndinangouza apongozi, amayi ake a Welcome, kuti mwana wanu ali kuimba m'menemu, mukazula watha. Anayang'ana magetsiwo nthawi yaitali. Kenako anayala chitenje pakhomo la chipindacho n'kukhala pansi, miyendo tambalale. Palibe anayerekeza kuwalumpha. Agona kuno mpaka Jameson abwere.

Lachisanu, 25 Okutobala
Apongozi amalonjera bokosilo m'mawa. “Mwaghona, tata.” Poyamba ndinafuna kuseka. Lero ndalonjera nawo.

Loweruka, 26 Okutobala
Jameson wafika masana, fumbi mpaka m'nsidze, sikirini atakulunga m'bulangete. Walumikiza. Ine kuno, apongozi uko.

Pa sikirini buluu yekhayekha, ndi timalemba toyera.

Anayesa makiyi. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Akuti kompyutayo inaima kalekale. Liwiro lija linaposa mphamvu ya ramu, inakomoka yokha, mwina tsiku la ngozi lomwelo Welcome asanafike n'komwe pachitunda. Ndinafunsa za magetsi akupumawo. Akuti amenewo amangoyaka, kaya muli kanthu kaya mulibe.

Firiji, fani, kugwada kuja. Ndakhala ndikulondera nyumba yopanda munthu.

Apongozi Chichewa cha makompyuta sakumva. Anandikoka chitenje, nkhope ikuwala, kufunsa ngati ayamba tsopano kuimba. Jameson anatambasula dzanja kuti adine batani, ati tiyambitsenso tione zotsala pa disiki. Ndinamugwira pamkono. Ndinawauza apongozi kuti mawa.

Jameson wapita kokagona. Bokosi likadayaka. Mawa ndikawauza chiyani apongozi, sindikudziwa.