Jeneza Inagwa M'munda Mwathu

Okondedwa achimwene a Swadick,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Joniko, inu, alamu ndi ana? Kuno ku Namwera tilipo, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe.

Nkhani ndi ya maenje aja anatisiyira okumba miyala m'munda mwathu. Paja a bungwe lokwirira migodi yosiyidwa atabwera, ananena pamaso pa anthu kuti mwini malo akalola, safunsidwa mlandu wa omwe anakumba, ndipo wantchito wawo akavulala udindo ndi wawo. Inu pafoni munati imeneyo ndi nyambo chabe, tikangolola ndiye kuti tavomera kuti tinakumbitsa ndife. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawapirikitsa ngati akuba nkhuku.

Lachisanu tinaika a Ahmad, amuna awo a Mwanamvua, anansi athu aja. Njira ya kumanda mukuidziwa, imalambalala munda wathu. Azibambo akuyenda mothamanga ndi jeneza yonyamulira maliro, kulandirana paphewa monga mwa masiku onse, a Dinala, mmodzi wa onyamulawo, anaponda pa udzu umene unabisa dzenje. Analowa mpaka m'chiuno. Jeneza inagwa, malemu anatsetsereka, sanda yonse dothi lokhalokha.

Ife amayi tinatsala pasiwa. Uthenga utafika palibe anandinena. Amene ndinakhala nawo mphasa imodzi anangosendera pang'ono, basi. Achimwene, bola akananditukwana. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Dzulo ndinalimba mtima kukapepesa. A Mwanamvua ali m'nyumba, akusunga eda, masiku aja amene wamasiye amabindikira. Anandilandira bwino, nati alibe nane chifukwa. Anangofunsa ngati nawonso, tsiku lawo likadzakwana, adzawadutsitse njira yomweyo.

Ndikudziwa kuti mwini mbumba ndinu, ndipo za munda wa amayi mawu omaliza ndi anu. Sindinakulumphenipo n'kale lonse. Koma m'mawa uno ndinapita kwa a bungwe aja, ndinagwada, ndinawapepesa, ndipo ndawalola. Ayamba Lolemba, mvula isanagwe. Papepala ndasaina dzina langa, lanu palibe.

Ngati mwakwiya, imbani mundikalipire, ndimva. Chokhacho ndikupempha, musawaimbire iwowo kuti aleke. Inu muli kutali, amene ndimakumana ndi anthuwa pachitsime ndine.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Allah akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esime