Nambala Wani Wopanda Nthungululu

Wovwe, Karonga
Julayi

Achemwali anga, amake Bruce,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine ndi Leticia tilipo, kungoti thupi langa ndi Karonga sitinagwirizanebe. Mwezi uno anthu akuti kwazizira, ine ndikugona osafunda.

Sukulu tatsekera sabata yatha. Kalasi yanga ya Sitandade 7 ndinayamba nayo chaka ili ndi ana oposa 90. Pofika Januwale, nthawi yowokera mpunga ku sikimu, theka linasowa. Atangobwerera, mpunga unayamba kucha, ena n'kupitanso kukaingitsa mbalame. Atsikana ndiye musanene. Ku Sitandade 1 amadzaza mpaka pakhomo, koma kwanga kuno atsala ochepa oti ndikangoponya maso ndadziwa amene wajomba. Ambiri kwawo amalankhula Chitumbuka, ena Chinkhonde, awiri okha ndi ana a amalonda ochokera ku Mangochi. Masamu amawamenya, musawaone choncho, koma Chichewa amachilemba ngati chilango. Sindiwadzudzula, nanenso Chinkhonde chinandikanika.

Tsono nkhani yandilembetsa ndi ya mwana wanuyu, Leticia wanga, amene ali m'kalasi yanga yomweyo.

Kuno tsiku lotsekera sukulu ndi chikondwerero. Makolo amasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ahedi athu a Manase n'kumaitana mayina kuyambira nambala wani. Mwana akatchulidwa, azakhali, agogo ndi anansi amadzambatuka ndi nthungululu, ena kumunyamula, ena kumuyalira chitenje kuti apondepo. Teremu yoyamba Leticia anakhala nambala wani. Achemwali, panali zii! Ndinawomba m'manja ndekhandekha mpaka manyazi anandigwira. Teremu yachiwiri chimodzimodzi, ndipo mayi wina kumbuyo kwanga ananena m'Chichewa, dala kuti ndimve, kuti mwana wa aphunzitsi mayeso amawaonera kunyumba. Zinandiwawa, moti ndinapempha kuti mapepala a kalasi yanga azichonga aphunzitsi ena.

Teremu ino wakhala nambala 41. Ndinaganiza kuti a Manase aphonya powerenga. Nditatenga mapepala ake ndinapeza kuti Chichewa, phunziro loti amandikonza ine ndemwe ndikalakwitsa, walemba theka n'kusiya. Masamu amene dzulo lake anandiwerengera bwinobwino kunyumba, apa wayika mayankho oti ngakhale mwana wa Sitandade 3 angaseke. Wakwera kupita ku Sitandade 8 mwa mwayi chabe.

Ndinamukalipira, paja pakamwa panga mumapadziwa. Iye anandiuza kuti anachita dala. Anati watopa kukhala yekha pakhonde nthawi yopuma, ndipo mtsikana wina wa m'kalasi mwake, Ambokile, anamuuza kuti anzake adzayamba kusewera naye akasiya kudzionetsera. Ndipo zinachitikadi. Nambala wani atatenga Lughano, mwana wa m'mudzi momwemo, gulu lonse linalowa m'bwalo kuvina, Ambokile n'kumukoka Leticia dzanja kuti avine nawo. Chimwalirireni bambo ake sindinamuonepo akuseka choncho. Atandiuza zonsezi, ndinangolowa kuchipinda.

Ndinakawafotokozera a Saida a pagolosale, munthu yekhayo amene ndimacheza naye osayamba ndasankha mawu. Iwo anati ndimusiye, ndi chibwana, adzasintha yekha. Mwina akunena zoona, koma chaka chikubwerachi ndi cha mayeso a boma, ndipo malo ku sekondale ndi ochepa. Mwana amene waona kuti anzake amagulidwa ndi malikisi adzagulanso tsiku la mayeso lomwelo. Kuwongola mtengo n'poyamba. Ine ndinapempha kalekale kuti andisamutsire kufupi ndi kwathu, koma yankho silinabwere.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Mumutenge Leticia adzalembere Sitandade 8 kwanuko ku Ntcheu, azipita kusukulu limodzi ndi Khumbize wanu. Kumeneko akakhoza sadzachita mantha, ndipo ndikudziwa kuti nthungululu yanu yokha idzamveka mpaka kuseri kwa phiri. Kambiranani ndi alamu, mundiyankhe sukulu isanatsegulire kuti ndimutengere kalata yosamukira kwa ahedi. Yunifolomu ndi makope ndi za ine. Ndidzabwera naye ndekha, ndi thumba la mpunga wa kilombero loti alamu asadandaule kuti pakamwa pawonjezeka. Sikuti ndi waulesi, amasesa ndi kutunga madzi osatumidwa, kungoti m'mawa amafuna kudzutsidwa kawiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamayende kwambiri ndi mwendowo. Moni kwa alamu, kwa amalume a Jeffrey ndi akazi awo, ndiponso kwa Bruce ndi Khumbize.

Leticia ndamuuza kale maganizo angawa. Ndinkayembekezera kuti alirira Ambokile, koma sanamutchule n'komwe. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti iye akachoka, ine ndikaweruka kusukulu ndizidzalankhula ndi ndani. Ndinamuseka, n'kumuuza kuti anzanga kuno ndi ambirimbiri. Akadzakufunsani, inunso mudzamuuze zomwezo, ndipo kalatayi musadzamuonetse.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Keziya