Malaya a Mwana Wanga M'kalasi

Lolemba, 3 Marichi
Analipo: bambo akunyumba, ophunzira awo atatu a ku yunivesite, ndi ine. Amakambirana za nzeru za Agiriki akale, zimene bambo amaphunzitsa. Ndikuthira tiyi, mtsikana wamtali akuti, "Mayi, kodi ndinu aja a malaya?" Mnzake anamuponda phazi. Bambo maso m'kapu.

Lachiwiri, 4 Marichi
Bambo ndawapanikiza, aulula. Akamaphunzitsa za imfa ndi nthawi, amapereka chitsanzo cha "mayi wina" amene amachapabe malaya a mwana wake womwalira Loweruka lililonse. Mayi winayo ndine. Mwanayo ndi wathu yemwe. Akuti dzina satchula. Nanga wamtali uja anandidziwa bwanji, analota?

Lachinayi, 6 Marichi
Chakudya ndangowaikira patebulo. Pakamwa ndatseka.

Loweruka, 8 Marichi
Ndachapa, koma ndayanika m'bafa. Pachingwe panja ndachita manyazi, koyamba chiyambire. Chimenechi ndiye chandiwawa kuposa zonse.

Bambo anaima pakhomo. "Mayi, tamvetsani. Agiriki ankafunsa ngati wakufa alipo kapena palibe. Ndikawerenga za m'mabuku ana amasinza, koma ndikanena za inu amadzuka, ena mpaka misozi."

Ndati, "Ndiye ndasanduka belu lodzutsira ana a eni?"

Akuti nkhaniyi ilowanso m'buku limene akulemba. Buku! M'nyumba muno dzina la mwana salitchula, ndikaliyamba amathawira ku mashelefu awo. Koma chisoni changa akukagawa kunja, osapempha n'komwe.

Lolemba, 10 Marichi
Alamu akuti ndinyadire, si aliyense amalowa m'buku la pulofesa. Ndati lowanimo inu alamu, malo alipo.

Lachitatu, 12 Marichi
Ndapitako ku yunivesite, kumene bambo amaphunzitsa. Mlonda wapageti anandilozera chipinda. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera long'aluka, chikwama pamiyendo. Pabolodi zilembo zokhotakhota zachigiriki. Bambo amayankhula bwino, zimenezo sindikana. Sanandione mpaka atafika poti, "Pali mayi wina..."

Maso athu anakumana. Choko chili m'manja, ana akudikira ndi zolembera.

Bambo anavula magalasi, kupukuta, kupukutabe. Kenako anati, "Ayi. Pali bambo wina. Mwana wake anamwalira, ndipo chimuikire sanapondeko kumanda. Amaopa."

Palibe analemba.

Sindinawakhululukire, ndipo tsamba la nkhani yanga lichoka ndithu m'bukumo. Koma ndinawadikira panja.